Thobwa Limene Ndinakana

Ana inu, zimitsani kaye foniyo mukhale apa. Tadala, zisiye nsapatozo, zawala kale, ukapitiriza kupukuta uzibowola. Mphatso, khala pamene ndizikuona. Minibasi sizitha pamsewu, ndipo ndisanakutengereni ku Machinjiri ndiyenera kukuuzani chimene tikukachita kumeneko, chifukwa mukakaona agogo anu akunjenjemera pamaso pa anthu mungayese kuti shuga wakwera. Si shuga ayi. Ndi mantha, ndipo andigwira kuyambira Lachitatu.

Dzulo, Chisomo, unandifunsa chifukwa chake ndikusita jekete la kutchalitchi pomwe mawa lake ndi Loweruka. Ndinakuyankha m'Chingerezi kuti ndikupita kukadya humble pie, iwe n'kuthamangira kufunsa foni. Foniyo inakuuza kuti ndiko kuvomera kuti unalakwa. Sinaname, koma inakuyankha mwachidule ngati munthu amene basi ikumusiya. Ine mawu amenewa sindinawaphunzire m'kalasi. Ndinawaonera munthu akuwachita, ine nditaima pambali pake.

Ndili mnyamata ndinkagwira ukhukhi kwa mzungu wina ku Sunnyside. Ndinkakhala ku Ndirande, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita wapansi, nsapato zili m'manja kuopa kuti zingathe msanga, n'kukazivala pageti. Inu lero kungoti mufike pamsika wa Chilobwe mukufuna kabaza. Kukhitchiniko kunali sitovu ya nkhuni, yakuda bii, yopanda manambala oti akuuze kutentha. Unkalowetsa dzanja mu uvuni n'kumawerenga chamumtima, likathawa usanafike pa khumi ndiye kuti moto wakwana. Mapayi ndinaphika ambirimbiri: a nyama ya ng'ombe, a impso, a maapozi. Payi, kwa inu amene mumangodziwa samusa, ndi ndiwo zofunditsidwa chikhokho cha ufa wa tirigu n'kuziwotcha mu uvuni.

Bwana wanga anali wa mtima wapachala. Tsiku lina galu wake anatuluka kumpanda n'kugundidwa ndi galimoto. Bwana sanafunse aliyense. Anangolunjika kwa a Makwinja, bambo wachikulire amene ankasamalira maluwa, n'kuwakalipira pamaso pa tonse kuti ndiwo anasiya geti lotsegula, kuti ndi aulesi, kuti mutu wawo sugwira. Anawachotsa ntchito pompo.  A Makwinja anatsuka khasu, analiika pamalo pake, n'kunyamuka.

Patapita masiku awiri mkazi wa mzungu woyandikana nafe anauza dona, mkazi wa bwana wanga, kuti anaona bwana mwini wake akutuluka mothamanga m'mawa uja, geti n'kulisiya pululu. Dona anadikira nthawi ya nkhomaliro. Ine ndikuika mbale patebulo, ndinamumva akuti, "Well, you will have to eat humble pie." Bwana anafiira mpaka m'makutu. Musaganize kuti ndinathamangira kukakanda ufa. Chingerezi changa chinali chitakhwima kale, ndinadziwa kuti apa sakunena za m'mbale.

Pambuyo pake ndinamufunsa dona komwe mawuwo anachokera. Anati kale kwawoko mabwana akapha nyama yakutchire ankadya minofu, antchito n'kuwaphikira payi ya zam'kati, mapapo, matumbo ndi zina zotero, n'kumadyera kumapeto kwa tebulo. Ndiye munthu wodzikweza akatsitsidwa amati wadya payi ya antchito ija. Kaya n'zoona, kaya ankangondisangalatsa, sindidziwa. Ine ndinaseka chamumtima, poti zam'kati zomwe iwo ankanyozazo ife timachita kulimbirana pachiwaya.

Bwana anafuna kundituma ine kuti ndikawaitane a Makwinja. Dona anakana, anati apite yekha ndi miyendo yake. Ndiye ndinakwera kutsogolo kwa galimoto, koyamba m'moyo wanga, kuti ndikamulondolere njira. Galimoto inathera pamsewu waukulu, kotsalako tinayenda wapansi, kudumpha ngalande, ana akutilondola m'mbuyo. Pofika kwa a Makwinja n'kuti anthu atadzaza kale pabwalo. Anamupatsa bwanayo kampando kakafupi kwambiri, mawondo ake n'kufika pachibwano. Anavula chipewa n'kunena m'Chinyanja chake chothyokathyoka, "Bambo Makwinja, pepani. Geti ine. Kulakwa ine."

 Kenako akazi a a Makwinja anatuluka ndi chikho cha thobwa, anagwada, analawa kaye, n'kumupatsa. Mudziwe kuti uyu anali munthu amene madzi ake akumwa ndinkachita kuwiritsa ndi kusefa tsiku lililonse. Anandiyang'ana kuti ndimupulumutse, ine ndinayang'ana pansi. Anamwa. Anamaliza lonse, mpaka masese. Apo m'pamene a Makwinja anatsegula pakamwa n'kuti, "Ndibwera Lolemba."

Ndiye imvani, mawu amenewa sanenedwa ukaponda munthu phazi mu minibasi n'kunena kuti sole. Amanenedwa pamene unali wotsimikiza, unakweza mawu, anthu anakumva, kenako zapezeka kuti wolakwa ndiwe, ndipo palibe amene ungamutume kuti akakupepesere. Nkhani imeneyi ndaifotokoza zaka zambiri, paukwati, pamaliro, ndikuseka mzungu wa mawondo pachibwano. Sindinkadziwa kuti mzunguyo anandiposa.

Mwaona kuti akazi a a Makwinja analawa kaye? Inu ana a m'botolo simudziwa zimenezi. Kwathu munthu akakupatsa thobwa kapena chakumwa chilichonse chophika yekha, amayamba wamwako pamaso pako. Akuluakulu ankati akuchotsa ufiti. Ndi ulemu chabe, palibe amene amaganizirapo kawiri. Ukakhala kuti wakhuta umangonyowetsa milomo n'kuthokoza. Koma munthu akagwada, n'kulawa, iwe n'kukana kulandira chikho, ndiye kuti wanena mawu oopsa ngakhale pakamwa sunatsegule. Wanena kuti manja ake ndi akupha.

Amayi anu Luwiza sanali woyamba kubadwa. Analipo mchimwene wawo, amalume anu Wilisoni, amene chithunzi chake chili m'Baibulo langa. Mng'ono wanga Layisoni ndi akazi ake a Esinati, amene tikupitako lerowa, Mulungu sanawapatse mwana, ndiye Wilisoni anali ngati wawo. Sukulu ikangotsekera iye ulendo ku Machinjiri. A Esinati ankagulitsa thobwa pasiteji, thobwa lotchuka, la chimera cha mawere, moti madalaivala ankachita kuimitsa minibasi pasenjala ali momwemo kuti amweko. Wilisoni ankabwerako masaya atatuluka.

Holide ina, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anabwerako akudandaula mutu, thupi likutentha. Nthawi imeneyo ndinali nditasiya za azungu, ndikuphika pa hotela ina mtauni, ndipo sabata imeneyo kunali alendo ambiri. Agogo anu aakazi, malemu Delifa, anati tipite naye kuchipatala. Ine ndinati ndi kachimfine, ndinamugulira mapiritsi pagolosale. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anayamba kukomoka, ndipo pofika naye kuchipatala dokotala anati malungo afika ku ubongo, tachedwa. Izi amayi anu sazidziwa. M'nyumba muno ndinu oyamba kuzimva kuchokera pakamwa panga.

Pamaliro anthu sasowa chonena. Ndinamva manong'onong'o kuseri kwa nyumba, akuti mkazi wosabereka kumukonda chotere mwana wa eni ake pali chifukwa, akuti mwana anapita ali bwinobwino n'kubwerako ndi mutu. Ndinkadziwa kuti ndi bodza. Pepala la dokotala linali m'thumba la malaya anga. Koma bodzalo linali lopepuka kunyamula kusiyana ndi masiku awiri anga aja, ndipo ndinalilandira ndi manja awiri.

Tsiku lotsatira titaika maliro, abale tinasonkhana pabwalo ku Ndirande. A Esinati anali atabwera ndi amayi a kumpingo kwawo odzawaperekeza, ndipo anali ataphika ndowa yathunthu ya thobwa. Ine ndinali ndisanaike kanthu m'kamwa masiku atatu. Anabwera ndi chikho, maso atatupa ndi kulira, anagwada patsogolo panga, analawa, n'kuti, "Alamu, imwaniko pang'ono, mungagwe."

Ndinapinda manja. Ndinayang'ana kumbali.

Anakhala chogwada choncho, chikho chili m'mwamba. Layisoni anati, "Achimwene, landirani." Ine ndinati, "Za ku Machinjiri zakwana, m'nyumba muno tamwa zokwanira." Anthu onse amene anali ndi makapu m'manja anayamba kuwaika pansi mmodzimmodzi. Ndowa ija inatayidwa m'ngalande.

Delifa sanandilankhule mwezi wathunthu. Tsiku lina anangoti, "Bambo a Luwiza, mwana tinamuchedwetsa ndife. Mupite mukapepese." Ndinamukalipira. Ndinali wouma mutu, ana inu, ndipo kuuma mutu kumene mumakuona kwa Mphatsoyu musakusake patali. Nditapuma pantchito ndinagula puloti kuno ku Manje, kumtunda kwenikweni, poti inali yotsika mtengo, komanso poti inali kutali ndi Machinjiri. Delifa anamwalira akundikumbutsabe.

Za namondwe Freddy sindikuuzani zambiri, munaliko. Mukukumbuka matope, mukukumbuka nyumba ya a neba athu akumunsi imene sinapezekenso, mukukumbuka kalasi ya pasukulu ija imene tinagonamo anthu osawerengeka. Koma kodi mukukumbuka bambo wamtali, wa imvi, amene anafika tsiku lachitatu matope mpaka m'mawondo, atasenza beseni lokutidwa ndi chitenje? Ameneyo anali Layisoni. Anayenda wapansi kuchokera mtauni, anatifunafuna m'makalasi onse. M'beseni munali mpunga ndi nyemba, zophika a Esinati. Inu munadya mpaka kunyambita zala. Ine ndinati dzino likundipweteka.

Anandikokera pambali n'kuti, "Achimwene, boyizikota ya kuseri ija ili chabe, mulibe munthu. Tengani anawa mubwere. Alamu anu akuti mubwere." Ndinayankha kuti nyumba yanga sinagwe, yangong'aluka pang'ono, ndiikonza. Anatenga beseni lake n'kumapita. Chaka chathachi ndinakamuika m'manda, tisanakhalenso pansi ngati abale.

Pamaliro ake m'pamene ndinalandira yankho langa. Nthawi ya chakudya anthu onse anawapatsa mbale. Ine anandibweretsera botolo la zoziziritsa kukhosi losatsegula, ndi buledi ali m'pepala lake la kugolosale.  Tanthauzo lake ndinalimva bwinobwino: izi manja athu sanakhudze, idyani mosaopa. Ndinakhala nalo botololo pamiyendo mpaka mwambo kutha, ndipo manyazi ngati amenewo sindinawamvepo.

Tsopano yang'anani khoma ilo. Mng'alu umene ndinamata uja watsegukanso, dzanja langa likulowa mpaka pamfundo. Ngalande imene madzi anakumba kuseriku ikuyandikira chaka ndi chaka, ndipo chimwala chili pamtunda apo ine ndimachiona ngati chasendera, ngakhale Chisomo akuti ndi maso anga. Mvula yoyamba ija ya sabata yatha, Tadala, unalowa pansi pa tebulo utatseka makutu, ndipo sunatuluke mpaka itasiya. Usachite manyazi, inenso ndikanakwana ndikanalowa. Amayi anu akaimba foni kuchokera ku Joni funso lawo ndi limodzi, ana mwawachotsa kuphiriko? Amene anandisiyira inuyo ndi iwo, ndipo ine ndinataya kale mwana mmodzi chifukwa chonena kuti tidikire kaye. Mitambo yayamba kusonkhana pa Soche masana aliwonse. Sindingathe kudikiranso.

Ndiye Lachitatu, inu muli kusukulu, ndinapita. Minibasi ziwiri, ndipo mu yachiwiri ndinatsala pang'ono kuuza kondakitala kuti anditsitse pa Chirimba ndibwerere. Ndinawapeza a Esinati pakhonde akusankha nyemba. Akalamba, ana inu. Ine m'mutu mwanga anali akadali mayi uja wogwada ndi chikho. Anandipatsa mpando, tinalonjerana bwinobwino ngati anthu. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo losatsegula, analiika pambali pa phazi langa.

Sindinalikhudze. Ndinatsika pampando, ndinakhala pansi pasimenti, ndinatulutsa pepala la dokotala lija, lomwe tsopano lachita chikasu. Ndinati, "Alamu, Wilisoni anafa ndi malungo. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Amene anamuchedwetsa ndine. Ndinakusenzetsani mlandu wanga."

Pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. Anati, "Mukuyesa sindimadziwa? A Delifa anabwera kuno mobisa chaka chomwecho, anandiuza zonse. Ndakhala ndikudikira kuti mubwere ndi inuyo."

Ndinati, "Ndabwera. Ndabweranso ndi pempho, sindikubisirani. Ana a Luwiza ali pansi pa phiri, ndipo mvula yafika. Koma ndisanapemphe nyumba, ndikupempha thobwa. Botololi chotsani."

Anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Analoza pakona pa bwalo pomwe panali mphika waukulu wakuda, wodzaza dothi, mutamera tsabola. "Thobwa lake liti? Mphika wake ndi umenewo. Nkhani ija inafika kuno ine ndisanafike. Sabata yotsatira ndinapita pasiteji ndi ndowa yodzaza, ndinabwerera nayo yodzaza. Katatu konse. Kumpingo kukagwa maliro ankandipatsa ntchito yotunga madzi, kumoto osandiyandikiza. Ana a maneba ankawaletsa kulandira ngakhale nthochi m'manja mwanga. Ine amene ndinalibe mwana, alamu, mpaka ana a eni munandilanda."

 Ine ndinkayesa kuti ndinangokana chikho chimodzi.

Iwo anapitiriza kusankha nyemba. Kenako anati, "Inu munandikana pagulu. Lero mwabwera Lachitatu masana, kulibe munthu, mukufuna zithere pakhonde pano? Ayi. Mubwere Loweruka, ndi anawo. Amayi amene anandiperekeza tsiku lija atsala anayi amoyo, ndiwaitana. Ndiitananso a mpingo ndi maneba. Chimera ndikapempha kwa anzanga. Ndiona ngati manjawa akukumbukira."

Ndinafunsa kuti nanga za nyumba. Anati, "Za nyumba tikamba mukamwa."

Ndi zimenezo, ana inu. Sanalonjeze kanthu, ndipo akakana sindingawadandaule. Mwina akungofuna kuti anthu aja amve ndi makutu awo, kenako atiperekeze kusiteji. Akatero tibwerera kuno, pansi pa chimwala icho, ndipo sindikudziwa kuti ndikakuikani kuti. N'chifukwa chake chakudya chakhala chikundikanika masiku atatuwa. Mzungu uja anapita patangotha masiku awiri, ndipo anangotaya ulemu wa masana amodzi. Ine ndapita zaka makumi awiri ndi zingapo zitadutsa, mng'ono wanga ali m'manda, mphika utamera tsabola.

Tsono tikakafika mukachite izi. Mukawagwadire, mukawatchule kuti agogo, poti ndi agogo anu enieni ndipo ndine ndinakumanani mwayi wowadziwa. Ndikayamba kulankhula pamaso pa anthu, musakayang'ane pansi ngati mmene ndinachitira ine kwa a Makwinja. Mukandiyang'ane, mukamve zonse. Mphatso, thobwa likakhala lowawasa usakakwinye nkhope, munthu amene sanaphike zaka zonsezi akhoza kuphonya, ndipo ukamalize lonse.

Akakabwera ndi chikho akagwada, n'kuchinyamula kuti alawe kaye monga mwa mwambo. Ine sindikawalola. Ndikachilandira chisanafike pakamwa pawo, anthu onse akuona. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi manja angawa. Taonani mmene akuchitira, ngakhale batani la jekete landikanika kumanga. Chisomo, iwe ndiwe wamkulu, ukakhale kudzanja langa lamanja, pafupi kwenikweni. Ukakaona chikho chikugwedezeka, ukandigwire chigongono. Lisakatayike pansi ngakhale dontho limodzi, angayese kuti ndataya dala.

Tadala, bweretsa nsapatozo. Tsekani mawindo, kumwambaku kwayamba kuda.